Pedulo ya Buleki Ikayamba Kumira

Dera la Phalombe limabisa matenda a mabuleki. Kuchokera m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi mpaka kukafika kumadambo a nyanja ya Chilwa, dziko ndi lachidikha. Dalaivala woyenda pakati pa Migowi, pa boma ndi Chiringa akhoza kutha mwezi wathunthu asanapondepo buleki mwamphamvu. Akasiya kuponda moto galimoto imachepetsa yokha liwiro, akabweza giya n'kupopa pedulo kawiri katatu, basi yaima. Galimoto imene pa zitunda za ku Thyolo ikanadziwika tsiku loyamba kuti ndi yodwala, kuno imagwira ntchito chaka chonse, mwini wake n'kumanena kuti ili bwinobwino.

Koma magalimoto athu sakhalira kuchidikha kokha. Nandolo akacha, mapikapu ndi timalole timasenza matumba kupita ku Limbe, kudutsa zitunda za ku Chiradzulu. Ena amakwera mpata wa Fort Lister, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, n'kutsetserekera mbali ya kwa Nkhulambe. Pikapu imene anaipangira katundu wa tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, kawirikawiri imanyamula oposa pamenepo, pamwamba pa matumbawo n'kukhalanso anthu a matola. Ngakhale pamalo osalala, tsiku la msika pa Migowi msewu umadzaza njinga zakapalasa, akabaza, mbuzi ndi ana ochokera kusukulu. Apa ndi pamene mwana amatulukira kuseri kwa minibasi yoima, ndipo phazi lilibe nthawi yopopa kachiwiri.

Ngozi ikachitika timamva kuti mabuleki anaduka, ngati kuti chinthucho chinagwa kumwamba popanda wochiona. Zilipo ndithu zotero: paipi yodyedwa ndi dzimbiri imatha kuphulika nthawi imodzi. Koma nthawi zambiri pedulo imakhala itachenjeza kalekale. Imayamba kufewa, kenako kutsika, kenako kufuna kuipopa. Dalaivala amazolowera pang'onopang'ono, phazi lake limaphunzira kupopa lokha iye asakuganizako, mpaka chenjezo lija limasanduka kayendetsedwe kake ka tsiku ndi tsiku. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti pedulo yofewa ndi nkhani yoti munthu aimve ndi kuimasulira, ndipo kuimasulira kwake sikulira ndalama zambiri. Kumalira kudekha ndi kutsata ndondomeko.

Zimenezi ndinaziphunzira ndili mnyamata, nditakhala pampando wa Hilux yakale ya amalume, ya dizilo, ya mapadi kutsogolo ndi madiramu kumbuyo. Ntchito yanga inali yopopa pamene amakaniko ali pansi pa galimoto. Ulendo wina pedulo inayamba kutsika mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi. Mnyamata wina wa pagalaja anangoponda kamodzi n'kunena kuti masita, silinda yaikulu ya mabuleki ija, yatha, akagule ina ku Limbe. Amalume, poona mtengo wake, anapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene ankakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango chakufupi ndi Migowi.

Bamboyo sanayambe ndi sipanala. Anakhala pampando injini ili yozima, anapopa kangapo, kenako anaponda n'kugwira osasuntha, maso ali kutali. Atatero anakoka handibuleki pang'ono n'kupondanso. Anatsika, anatsegula boneti, anayang'ana mulingo wa mafuta a mabuleki m'kabotolo ka pamwamba pa masita, n'kufunsa amalume:

"Achimwene, fuluwidi mumathira kangati?"

"Mwa apo ndi apo, madala. Sabata ikatha ndimawonjezerako pang'ono."

"Nanga amene mumathirayo amapita kuti?"

Amalume anasowa choyankha. Funso limeneli ndi phata la nkhani yonse. Mafuta a mabuleki sapsa monga dizilo, satha monga oyilo wa injini yokalamba. Amatsika pang'ono chabe pamene mapadi akutha, ndipo kutsika kumeneko kumatenga miyezi. Ngati munthu akuwonjezera sabata ndi sabata, pali pamene akutulukira.

Kuti timve zimene bamboyo ankafufuza, tiyambe ndi mmene mabuleki amagwirira. Mukaponda pedulo, mumakankha pisitoni m'kati mwa masita, pisitoniyo n'kukankha mafuta m'mapaipi opita ku matayala onse anayi. Kumeneko mafutawo amakankha mapisitoni ena amene amapanitsa mapadi pa disiki kapena kutambasula mashuzi kuti akhule diramu. Zonsezi zimatheka chifukwa zamadzimadzi sizifinyika: mphamvu imene mwaika kuno imakafika uko yonse. Mfalansa Blaise Pascal anafotokoza lamulo limeneli m'zaka za m'ma 1600, ndipo Malcolm Loughead wa ku America ndiye analigwiritsa ntchito pa mabuleki a galimoto, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 magalimoto a Duesenberg ankatuluka ndi mabuleki a mafuta ku matayala onse. Mpweya ndiye wosiyana. Tengani pampu ya njinga, tsekani kukamwa kwake ndi chala, kenako kankhani: chogwirira chimalowa ndithu, chimanyepa, mukachisiya chimabwerera. Kathovu ka mpweya kakalowa m'paipi ya mabuleki, phazi lanu limayamba lafinya kaye kathovuko, mphamvu yotsala ndiyo imakafika ku tayala.

Choncho pedulo yofewa ili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umaloza malo ake.

Ilipo imene imanyepa nthawi zonse. Mukaipopa imakwerako pang'ono koma siilimba kwenikweni, imakhalabe yofutukuka pansi pa phazi. Imeneyo kawirikawiri ndi mpweya. Funso lotsatira ndi lakuti walowera pati, chifukwa mpweya sulowa popanda khomo: mwina mafuta anatheratu m'kabotolo tsiku lina, mwina wina anamasula paipi osachotsa mpweya bwino, mwina pali podontha. Paipi ya labala yokalamba imachitanso chimodzimodzi: m'malo mopititsa mphamvu, imafufuma. Wina akaponda inu mutaigwira m'manja, mumaimva ikutupa.

Ilipo ina imene poyamba imatsika kwambiri, koma mukaponda kachiwiri imakwera n'kulimba gwa. Apa vuto silikhala mpweya, koma mtunda. Mashuzi akumbuyo adyeka ndipo atalikirana ndi diramu, choncho kuponda koyamba kumangowasendeza, kwachiwiri ndiye kumagwira. Ndicho chifukwa bambo uja anakoka handibuleki: ikakokedwa pang'ono, mashuzi amayandikira diramu, ndipo ngati pedulo yakwera nthawi yomweyo, mwadziwa kuti pakufunika kuajasita mashuzi kapena kuika ena. Belingi ya tayala lakutsogolo ikakhwepa imabweretsanso zofanana, chifukwa disiki ikamagwedera imabweza pisitoni m'kati. Kujeka galimoto n'kugwedeza tayala ndi manja kumaulula zimenezo.

Yachitatu ndi imene imagwira bwino poyamba, koma mukaisunga ndi phazi imamira pang'onopang'ono mpaka pansi. Imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri. Mafuta akuthawa, ndipo njira zake ndi ziwiri. Ngati mulingo m'kabotolo ukutsika, akuthawira kunja: yang'anani kuseri kwa matayala ngati kwanyowa, tsatirani mapaipi achitsulo m'mbali mwa chasisi, gwirani polumikizira paliponse, musaiwale kumbuyo kwa masita pamene yakumana ndi busita, chothandizira mphamvu ya phazi chija, chifukwa nthawi zina mafuta amadonthera m'kati mwa busitayo osaoneka pansi. Ngati mulingo sukusintha ndipo paliponse ndi pouma, ndiye kuti malabala a m'kati mwa masita atha, mafuta akungozungulira momwemo. Apo pokha ndi pamene munthu ayenera kunena kuti masita yatha.

Yachinayi imanyenga kwambiri. M'mawa ili bwino, pachidikha ili bwino, koma pamtsetse wautali galimoto italemedwa imafewa mwadzidzidzi, kenako mabuleki akazizira imabwerera mwakale. Awo ndi mafuta owira. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. Malinga ndi muyezo wa ku America umene zilembo za DOT zimachokera, DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi okwana 3.7 peresenti malire ake amatsikira pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Mabuleki opondedwa mosalekeza pamtsetse amatentha mokwanira kuwiritsa mafuta otere, ndipo nthunzi imafinyika mofanana ndi mpweya. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Ndi magalimoto angati a kwathu kuno amene mafuta ake anasinthidwapo chichokereni ku Japan? Tsegulani kabotolo muone: atsopano amakhala oyera moonekera, okalamba amada bii.

Pedulo yolimba kwambiri, yofuna mphamvu zonse za mwendo koma galimoto osaima msanga, ndi matenda ena, a busita kapena paipi yake ya mpweya. Osasakaniza matendawa ndi a pedulo yofewa.

Hilux ya amalume inali ndi mtundu wachitatu. Bambo uja anagwada pa tayala lililonse n'kumasisita kuseri kwake ndi chala. Pa tayala lakumbuyo lakumanzere chala chinatuluka chonyowa. Anajeka, anaika chitsa pansi pa chasisi, anagwejula diramu. M'kati munali phala lakuda la fumbi losakanikirana ndi mafuta, mashuzi atanona ngakhale kuti anali asanathe. Anatukula kalabala kophimba silinda ya m'tayala ndi nsonga ya sikuludilaiva, mafuta n'kuchucha. Masita inalibe mlandu. Chinafunika ndi silinda yaing'ono ija ndi mashuzi, zinthu zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi chimene anauzidwa poyamba.

Amalume anapempha kuti mashuziwo angotsukidwa ndi petulo n'kuwambidwa pamoto, poti anali akadali onenepa. Bamboyo anakana. Anati mashuzi akamwa mafuta samasanza onse, akatenthedwa panjira amatulukanso, ndipo posintha amasintha mbali zonse ziwiri kuti galimoto isamakokere kumodzi. Anawonjezera kuti: "Achimwene, mukafuna zowamba pitani nayo kwina. Ine ndimakwera nawo magalimoto omwewa."

Kenako inafika ntchito yanga. Asanandilole kuponda, anaika kathabwa pansi pa pedulo. Chifukwa chake n'chakuti m'masita yakale, pisitoni imayenda gawo lomwelomwelo zaka zonse, ndipo kupitirira apo mumakhala dzimbiri ndi zinyalala. Mukaikankha mpaka pansi pochotsa mpweya, malabala amakwera pa dzimbirilo n'kung'ambika, masita imene inali yamoyo n'kufera m'manja mwa okonza. Anavekanso kapaipi koonekera pa nipo, kabawuti kotulutsira mpweya kaja, mapeto ake n'kuwamiza m'botolo la mafuta pang'ono.

"Popa, mphwanga!"

Ndinapopa mofatsa.

"Gwira!"

"Ndagwira, madala."

Akamasula nipo, pedulo inkatsika pansi pa phazi langa, m'kapaipi muja n'kumadutsa mafuta akuda ndi timathovu tondondozana.

"Yatsika?"

"Yatsika."

"Usasiye mpaka ndimange. Eya, siya."

Wopopa akasiya nipo isanamangidwe, mpweya umabwerera momwe unatulukira, ntchito n'kuyambiranso. Pakati pa ntchitoyo bamboyo ankadzuka kukawonjezera mafuta m'kabotolo kuti kasaume. Tinayambira tayala lakutali ndi masita, kutsirizira lapafupi. Titamaliza onse anayi pedulo inali itakwera koma ikadanyepa pang'ono. Iye sanadabwe. Anakwawira pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, pamene ma Hilux ndi ma Hiace ambiri akale ali ndi kavavu kogawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo molingana ndi kulemera kwa katundu. Kavavuko kali ndi nipo yakeyake, yokwiririka m'matope, imene ambiri saidziwa. Atamasula, panatuluka thovu lalikulu, ndipo pedulo inalimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali njira inanso imene ndinaiona kwa iye pa magalimoto ena ovuta. Ankapana mapaipi a labala onse ndi zopanira zosacheka, kenako n'kuponda. Pedulo ikalimba, masita ndi yabwino ndipo vuto lili ku matayala; akamamasula chopanira chimodzichimodzi, tayala lolakwa limadziulula lokha. Ikakhalabe yofewa zonse zili zopanidwa, vuto lili ku masita kapena m'mapaipi a pakati. Ndinaonaponso galimoto imene anthu anavutika nayo masiku, mpweya osatha, kenako n'kupezeka kuti makalipa akutsogolo, zogwira mapadi zija, anawasinthanitsa mbali, nipo n'kukhala pansi. Mpweya umakwera m'mwamba, ndipo nipo ikakhala pansi sungatuluke ngakhale mutapopa mpaka dzuwa kulowa. Zonsezi zimaphunzitsa chinthu chimodzi: kuyamba ndi zaulere, zoona ndi maso ndi zomva ndi phazi, kenako zotchipa, chodula n'kukhala chomaliza. Kugula chitsulo musanapeze vuto ndi kulosera, ndipo wolosera amagula kawiri.

Tsopano tinene za njira zachidule zimene tonse timazidziwa. Mafuta akatha panjira, ena amathira madzi a sopo. Ena amathira oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena mafuta ophikira. Paipi ya tayala limodzi ikamadontha, ena amaiphwanya ndi hamala kapena kuitseka ndi msomali, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki a matayala atatu. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100 ndipo amadyetsa masilinda ndi dzimbiri. Oyilo amatupitsa malabala onse, kuyambira m'masita mpaka ku matayala, moti wofuna kukonza pambuyo pake ayenera kusintha chilichonse cha labala. Tayala lophedwa limachititsa galimoto kukhotera mbali imodzi pa nthawi imene dalaivala akufunitsitsa kuti iime mowongoka. Ndi zoona kuti magalimoto a masiku ano ali ndi njira ziwiri za mafuta, kotero kuti imodzi ikaphulika ina imagwirabe. Koma anaziika kuti munthu apeze mpata woimira, osati woti azinyamulira anthu mwezi wonse.

Sindikunena izi ngati munthu wosadziwa mavuto. Zipangizo zambiri n'zochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zitsulo za galimoto inakwera nawo. Kuchoka kwa Nkhulambe kapena ku Nambazo kukasaka silinda ku Limbe kapena ku Ndirande ndi tsiku lathunthu ndi thiransipoti yake. Dalaivala wa minibasi ali ndi ndalama imene ayenera kupereka kwa abwana madzulo aliwonse, ndipo tsiku la pagalaja ndi tsiku limene ana ake agona ndi njala. Munthu amene waphulikiridwa paipi pakati pa tchire usiku, n'kuitseka kuti akafike pamalo a anthu akuyenda pang'onopang'ono, sindingamuweruze. Chimene ndikukana ndi chakuti chigamba cha usiku umodzi chisanduke chokhazikika, m'mawa mwake galimoto yomweyo n'kuima pasiteji kuitanira anthu.

Kwathu kuno pali chifukwa chinanso chokhalira tcheru. Madzi ndi matope ndi adani a mabuleki, ndipo Phalombe amawadziwa bwino. Akuluakulu amakumbukira napolo wa mu March 1991, ndipo tonse tinaona namondwe Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira midzi ndi misewu. Ngakhale chaka chopanda tsoka lotere, galimoto za kumidzi zimawoloka mitsinje ndi kusambira m'matope dzinja lonse. Matope akamatirira pa mapaipi achitsulo amasunga chinyezi, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Akalowa m'diramu amaumitsa zoajasitira ndi mapisitoni. Mvula ikatha, ndi nzeru kugwejula madiramu, kutsuka, ndi kutsatira paipi iliyonse ndi dzanja. Ndipo mukangotuluka m'madzi, pondani buleki mopepuka mukuyenda pang'onopang'ono kuti mashuzi aume musanawafune.

Pedulo ikamira muli paulendo, popani mwachangu, bwezani magiya imodziimodzi, kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, ndipo musazimitse injini chifukwa busita imasiya kuthandiza ndipo chiwongolero chikhoza kulimba kapena kukiyika. Pamtsetse wautali, giya imene mungakwerere ndi imene muyenera kutsikira. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo katundu wopyola muyezo amawonjezera moto umene mabuleki ayenera kumeza.

Nanga udindo ndi wa yani? Pepala la COF lochokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu limanena za mmene galimoto inalili tsiku limene inayesedwa. Silidziwa zimene zachitika pambuyo pake. Wodziwa ndi dalaivala, chifukwa pedulo ili pansi pa phazi lake tsiku lililonse. Wolamula ndi mwini galimoto, chifukwa ndalama zili m'thumba mwake. Pakati pa awiriwa ndi pamene nkhani imafera: dalaivala amaopa kuti akanena achotsedwa ntchito n'kulowa wina wosadandaula, mwini galimoto amati bola ikuima. Okwerafe timaona phazi likupopa, timamva chitsulo chikukhula chitsulo, koma timakhala chete poopa kuoneka ovuta. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa kuti "Adalaivala, mabulekiwa ali bwino?" si mwano, ndipo kutsika pasiteji yotsatira si mantha.

Inu eni magalimoto, dalaivala wanu akakuuzani kuti pedulo yafewa, musamuyankhe kuti apirire mpaka nandolo atha. Imitsani galimoto tsiku lomwelo. Yang'anani mulingo wa mafuta, yang'anani kuseri kwa matayala, pondani n'kugwira kwa kanthawi muone ngati ikumira. Gulani mafuta a m'botolo lomata, la nambala imene yalembedwa pa chivindikiro cha kabotolo, osati opungulidwa m'botolo la madzi. Pezani makaniko amene amayamba ndi mafunso asanatchule chogula, ndipo mumulipire bwino ngakhale atapeza kuti vuto linali laling'ono, pakuti kupeza vutolo ndiyo ntchito imene mwamulembera. Galimoto yofuna kupopa kawiri kuti iime siyenera kunyamula munthu, kaya wolipira kaya wachibale, kufikira itakonzedwa.